Ulusi Wofiira pa Mpando wa Kumanja

Lolemba mmawa, ndege ya kampani ya Nyenyezi ya Kummawa inatsala pang'ono kugwera m'munda wa thonje kuseri kwa bwalo la ndege ku Chipata, ili ndi anthu makumi atatu. Sinagwe. Inazungulira kamodzi n'kuteranso, anthu akulira ndi kuitana amayi awo, ngakhale azibambo a mataye omwe. Pofika Lachiwiri tauni yonse inali itamudziwa kale wolakwa, poti Chipata sadikira woweruza. Ankati ndi Wilbroad Miti, makaniko wa ndegeyo.

Wilbroad ameneyu anali mlongo wake wa Sajeni Yosefina Miti, wapolisi wofufuza milandu. Yosefina ndiye ankamubereka kumsana ali khanda, ndipo mmawa umenewo mantha anali atamugwira mpaka tiyi kumukanika.

"Nkhani iyi si yako, Sajeni," anatero bwana wake, Inspekitala Njobvu, asanamulozere n'komwe pokhala. A Njobvu ankayankhula modula ngati mawu akuwawawa pakhosi. "Ndi m'bale wako. Lamulo ukulidziwa."

"Bwana, ndingomva chabe zimene muli nazo."

Iwo anaimika chala. "Choyamba. Ndege ikunyamuka, mpando wa woyendetsa unatsetserekera kumbuyo. Akatswiri a ku Lusaka akuti sunathyoke. Wina analowetsa kanthu m'bowo momwe mumagwera chitsulo chotsekera mpando. Chachiwiri. Loweruka mlongo wako anakangana ndi Kapiteni Soko pagulu. Chachitatu. Lamlungu masana anatenga kiyi wa ndege kwa mlonda, pomwe sanali pa ntchito. Tamufunsa kuti ankakatani. Kuli zii."

"Kanthu kameneko mwakapeza?"

"Ayi. Kangotsala aka." Anakankha kapepala kapulasitiki patebulo. M'katimo munali kaulusi kofiira, kaubweya, kosaposa chikhadabo kutalika kwake. "Kanakola pa chitsulocho."

Yosefina anakayang'ana koma sikanamuuze kalikonse.

"Fifitini awazi, 3 koloko masana ano, galimoto imutenga kupita ku Lusaka," anapitiriza a Njobvu. "Mlandu wofuna kupha anthu makumi atatu. Akalowa kumeneko adzatuluka ndi imvi, ngati n'komwe adzatuluke."

Yosefina sanachite manyazi. Anagwada pa simenti, yunifomu ili m'thupi. "Bwana, mwanayu sangaphe ngakhale nkhuku. Pa Khirisimasi timachita kuitana woyandikana naye nyumba. Ndipatseni maola ochepa okhawa."

A Njobvu anatembenukira kuwindo. "Ine sindinakutume. Koma lero maso akundivuta. Sindikuona amene walowa kapena watuluka. Dzuka apo."

Nthawi inali itangopitirira 9 koloko.

*

M'chitokosi, Wilbroad anakhala pakona atakumbatira maondo. Munthu wa mapewa otakata, wozolowera kunyamula matayala a ndege, tsiku limodzi lokha linali litamufinya.

"Iwe Wili, Lamlungu unakatani m'ndege?"

"Asisi, zisiyeni."

"Ndizisiye? Ukudziwa kumene akukutengera? Ana ako atatu aja ndiwauze chiyani?"

"Muwauze kuti atate awo analakwitsa."

"Unalakwitsa chiyani? Unaikamo chiyani m'bowo muja?"

Wilbroad sanayankhe. Yosefina ankamudziwa mwanayu kuyambira ali wamaliseche: akamanama amalongolola, akakhala chete ndiye kuti pali amene akumubisa. Anagwira zitsulo za chitseko n'kutsitsa mawu.

"Unali ndi ndani? Mkazi? Ngati ndi chibwenzi nena, mlamu ndikamupepesa ndine. Bola banja ligwedezeke kusiyana n'kukawolera kundende."

Wilbroad anakweza mutu. Maso ake anali ofiira. "Anandionetsa kaulusi kaja dzulo. Asisi, ndakupemphani, musapite kubwalo. Mukapitako mudzandida."

Yosefina anatuluka n'kulunjika kubwalo komweko.

*

Ndege inaima payokha kumapeto kwa bwalo, atayizinga ndi chingwe. Pamthunzi wa phiko lake panali Kapiteni Gideon Soko, wamtali, wa magalasi akuda, munthu woti ukamupatsa moni amayamba wayang'ana nsapato zako. Pambali pake panali mtsikana wochepa thupi, dzanja lili m'bandeji. Ameneyu anali Takondwa Daka wa ku Madzimoyo, wothandizira kuyendetsa.

"Sajeni, ine ndanena kale zonse," anatero Kapiteni. "Mnyamata wanu uja ndi wamwano. Loweruka akuti tayala lakutsogolo ladyeka, ndege igone masiku awiri. Ine ndikuti ayi, tayala likadali m'malire ake, ndili ndi mapasenja. Basi kundikalipira pamaso pa anthu. Akuti tsiku lina mudzaona. Ndiye ndaonadi."

"Tayalalo linasinthidwa?"

Kapiteni anatsokomola. "Linasinthidwa Loweruka lomwelo. Anaumirira."

"Munthu wofuna kugwetsa ndege n'kuyamba wasintha tayala?"

"Izo mukafunse asing'anga a mitu. Ine ndimayendetsa ndege."

Yosefina anapempha kuti angosuzumira komwe amakhala oyendetsa. Akatswiri anali atamaliza kujambula, ndiye Kapiteni anamutsogolera monyinyirika. Kachipindako kanali kopanikiza, kodzaza mawotchi ndi timabatani. Munali mipando iwiri. Wakumanja unali utakankhidwira kumbuyo kwenikweni, atawumata pepala lachikasu.

"Ndiye mpando wanu ndi uwu, a Kapiteni," anatero Yosefina akuloza wakumanjawo.

Kapiteni anaseka koyamba tsiku limenelo. "Mayi, ino si minibasi ya ku Katete. Kapiteni amakhala kumanzere. Dziko lonse lapansi. Uwo ndi wa Takondwa."

Yosefina anatembenuka pang'onopang'ono. "Kumanzere?"

"Ngakhale wophunzira wa sabata imodzi amadziwa."

"Ndipo Wilbroad wagwira ntchito pa ndege zaka zingati?"

"Khumi ndi chimodzi," anayankha Takondwa. Mawu ake anali otsika, osankhidwa bwino, ngati a mwana wa aphunzitsi. "Lolemba inali nthawi yanga yoyendetsa, timasinthana. Mipandoyi imayenda pa tinjanji tiwiri, taonani, tili ndi mabowo. Ine ndine wamfupi, ndimaukokera kutsogolo mpaka chitsulo chigwere m'bowo. Ndinamva kuti kwa! Ndinaugwedeza, unalimba. Koma chitsulocho chinangolowa nsonga yokha. Ndege itadzutsa mphuno, mpando unathawa nane. Manja anga anali pa chiwongolero, ndiye ndinachikoka osafuna. Mphuno inaloza kumwamba, liwiro linayamba kutha. A Kapiteni akanachedwa kulanda ndi kamphindi kamodzi..." Anayang'ana dzanja lake la m'bandeji. "Ndinaona thonje, Sajeni. Ndinkatha kuwerenga mizere."

"Munayambanapo ndi Wilbroad?"

"Ine? Amandisungira mtedza wokazinga wa kwawo ulendo uliwonse."

Yosefina anatsika masitepe. Wilbroad akanafuna Kapiteni, sakanasokoneza mipando. Amene anachita izi ankaganiza ngati iye mwini, ngati munthu aliyense wokulira m'mbali mwa msewu wa ku Lusaka: woyendetsa amakhala kumanja. Sanali munthu wa ndege. Mfundoyi inali yabwino, koma a Njobvu sakanatsegula chitokosi chifukwa cha mfundo. Ankafunika kanthu kogwirika.

"Ndege itatera, analowamo poyamba ndani?" anafunsa.

"Akatswiri anafika madzulo," anatero Takondwa. "Koma anthu anasanza kwambiri. Anaitana Betty kuti akolope."

*

Yosefina anamupeza Betty, mayi wokonza m'ndege, kuseri kwa ofesi akuchapa nsanza m'ndowa. Anali munthu woti ukamufunsa njira amayamba ndi mbiri ya amene anailambula.

"Iii, Sajeni, dzulo ndiye ndinaona malodza! Zaka zisanu ndi chimodzi ndili pano, masanzi otere sindinawaone. Bambo wina wa suti, suti yodula, anachita kusiya nsapato imodzi. Ndiye ine ndikuti, Mulungu wanga, anthu amadya chiyani mmawa? Wina mazira, wina..."

"Betty, kutsogolo kwa oyendetsa munalowako?"

"Kumeneko satilola kawirikawiri. Koma dzulo chitseko chinali pululu, ndiye ndinangopititsako tsache kamodzi. Kamodzi kokha, ndikulumbira. Sindinagwire batani ine. Mwana wa mchemwali wanga anagwirapo batani la chigayo, mpaka lero chala..."

"Munatolako chiyani?"

Betty anasiya kufinya nsanza. "Ndani wanena kuti ndinatola?"

"Nthawi ikunditheratu, mayi. Munthu akupita kundende ya moyo wonse. Ndikukupemphani ngati mkazi mnzanu."

Betty anayang'ana uku ndi uku, kenaka anamasula mfundo ya pakona ya chitenje chake. "Sikuba ayi. Kanali pansi, kuseri kwa mpando wa mtsikana uja. Ndinamufunsa ngati n'kake, akuti iwo kumpingo kwawo savala zimenezi. A Kapiteni nawo sapemphera n'komwe. Ndiye ndinati chinthu chodalitsidwa sichitayidwa m'bini, ndikapereka kwa abambo mfumu Lamlungu."

Anaika kanthuko m'dzanja la Yosefina.

Inali mendulo yaing'ono yachitsulo, yoperepeseka chifukwa cha ukalamba, ya Kristofa Woyera, mtetezi wa apaulendo, atanyamula mwana paphewa. Pakati pake panali potiwanika mwatsopano, pomwe chitsulo cha mpando chinaidinda. Pa kabowo kake panali mfundo ya ulusi wofiira waubweya, woduka. Ndipo m'mphepete mwake munali kachizindikiro ka mano awiri aang'ono.

Mano amenewo anali a Yosefina. Anailuma ali ndi zaka zinayi, pofuna kuona ngati ndi siwiti, ndipo anakwapulidwa.

"Sajeni, mwatani? Khalani pansi, mwachita kuyera milomo."

Yosefina sanamve. Ankaona basi ya atate ake, malemu Andireya Miti, amene anayendetsa pakati pa Chipata ndi Lusaka zaka makumi atatu osagundapo ngakhale mbuzi. Ankaona amayi ake atagwada pakhomo la basi m'bandakucha uliwonse wa ulendo, akulowetsa dzanja pansi pa mpando wa dalaivala kuti aone ngati mendulo ikadalipo. Atamwalira bambowo ndi matenda a shuga, amayi anakaichotsa okha m'basimo.

Tsopano anamvetsa chifukwa chimene Wilbroad anatsekera pakamwa. Akuluakulu anati khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Yosefina anali atanenapo mwambi umenewu kambirimbiri, akuseka mabanja obisa akuba awo. Lero sunamuseketse.

Inali 12 koloko ndi theka.

*

Msewu wa ku Kasenengwa unali wa fumbi ndi mabampu, ndipo Yosefina anayendetsa kagalimoto kake ngati wakaba. Kawiri konse anaima pambali. Ulendo woyamba anatsitsa galasi, mendulo ili m'dzanja, akuyang'ana tchire. Kungoiponya basi, palibe akanadziwa, iye akanangomuopseza Betty kuti asanene. Koma akatero Wilbroad akupita. Ulendo wachiwiri anangogwetsa mutu pa chiwongolero n'kulira mokweza ngati mwana.

Anawapeza amayi ake, a Perepetuwa, pabwalo akuthothola mtedza ndi amayi awiri a m'mudzimo. Anali ndi zaka makumi asanu ndi awiri, koma zala zawo zinkathamanga kuposa za anzawowo. Za kumangidwa kwa Wilbroad sanamve. Foni yawo inali itatha moto kuyambira Lamlungu, ndipo anthu a m'mudzi, amene nkhani ya mimba ya mwana wasukulu amaifalitsa tsiku limodzi, iyi aliyense ankadikira kuti anene mnzake.

"Iwe, wabwera ndi yunifomu pakati pa sabata? Kwagwanji?"

"Amama, tiyeni m'nyumba."

Atakhala pamphasa, Yosefina anafunsa, "Lamlungu mutatuluka ku Misa munapita kuti?"

Nkhope ya mayiyo inawala. "Wakuuza? Tinapangana kuti chikhale chinsinsi, akuti mabwana ake salola. Anandilowetsa m'ndege, mwanawe! Ine Perepetuwa! Zaka zonsezi ndikumupempha. Mlonda anapita kukadya, ife lowu. Mipando yake yofewa ngati ya abishopu."

"Kutsogolo munafikako?"

"Ndinakhala pa mpando wa dalaivala weniweniwo, mbali yomwe ankakhala atate ako. Wili anangoseka, akuti khalani pomwe mwakonda."

"Anakusiyani nokha?"

"Pang'ono chabe, foni yake italira." Anatsitsa mawu ngati akuulula zabwino. "Ndiye ndinachita kanthu. Loweruka anabwera kuno nkhope ili gwa, akuti amama, ndege ija ikadzagwa woyamba kumangidwa ndine, chifukwa ndimasainira ndine. Ine tulo osabwera. Ndinati mendulo ya atate ake ikungogona m'sutikesi, chikhalirecho inasunga basi zaka makumi atatu. Ndinayang'ana pomangirira, palibe, zonse n'zosalala. Kenaka ndinaona timabowo pa kanjanji pansi. Ndinaikankhira m'kamodzi, inalowa ngati anapangira yomweyo. Ndinati apa ngakhale wosesa saichotsa."

Yosefina anatambasula dzanja. Mendulo inali pachikhatho.

"Aa! Waichotseranji?"

"Amama, dzulo ndege ija inatsala pang'ono kugwa. Munali anthu makumi atatu."

A Perepetuwa anagwira pachifuwa. "Mayo! Wafa munthu?"

"Palibe."

"Ambuye atamandike! Waona? Waona ntchito ya Kristofa Woyera? Ndiye iwe n'kukaichotsa!"

Apa ndiye Yosefina anasweka mtima. Akanakonda kufunsa chigawenga cha mfuti kusiyana ndi kuyang'ana chimwemwe chimenecho. Anawagwira manja onse awiri, manja okhakhala onunkhira dothi la mtedza.

"Amama, mvetserani. M'bowo muja mumagwera chitsulo chimene chimagwira mpando. Mendulo inatseka. Mpando unathawa ndi woyendetsa ali m'mwamba. Chimene chikanagwetsa ndege ndi ichi." Anawaonetsa potiwanika paja. "Apolisi akuti Wili anachita dala. Amutsekera. Anaona ulusi uwu, anauzindikira, ndipo wakana kutchula dzina lanu. Ikakwana 3 koloko akumutengera ku Lusaka, ndipo sadzabwerako."

Mayiyo anayang'ana mendulo nthawi yaitali. Panja amayi aja anali atasiya kucheza.

"Ndikakanena kuti ndine," anafunsa potsiriza, "amumasula?"

"Mlandu wofuna kupha ugwa. Ntchito yokha ndiye yatha, poti anakulowetsani mosaloledwa. Sadzagwiranso ndege."

"Nanga ine?"

"Sindikudziwa, amama. Mwina akumverani chisoni. Mwina mugona m'chitokosi. Sindingakunamizeni."

A Perepetuwa anadzuka mogwira khoma. Anavula chitenje cha kumunda n'kuvala cha bungwe la amayi a kutchalitchi, anamanga duku, anatenga kolona ndi juzi. Pakhomo anauza mmodzi wa amayi aja kuti mtedza aufunditse, mitambo siikuoneka bwino, ndipo nkhuku azitsekere.

*

Anafika pa polisi kutatsala mphindi khumi. Galimoto ya ku Lusaka inali italiza kale injini, ndipo Wilbroad ankatsika masitepe ali ndi unyolo m'manja, wapolisi mbali iyi wina mbali iyo. Ataona amene akutuluka m'galimoto ya mlongo wake, anaima pomwepo.

"Asisi! Ndinakupemphani! Mwachitiranji zimenezi?" Anatembenukira kwa a Njobvu akufuula. "Bwana, ndine! Ndinaikamo ndine! Lembani, ndisaina pompano! Awa ndi okalamba, sadziwa chimene akunena!"

"Khala chete, Wilibrodi," anatero amayi ake, osakweza mawu. "Unayamba liti kunama pamaso panga?"

Anayenda mpaka pamaso pa Inspekitala, anapinda maondo mwaulemu monga amachitira kwa ansembe. "Bwana, mwanayu mumasuleni. Kanthu kaja ndinaika ndine, ndi dzanja ili. Ndimati ndimuteteze."

Yosefina anapereka mendulo. A Njobvu anatulutsa kapepala kapulasitiki kaja m'thumba, anayerekeza ulusi ndi ulusi, kenaka anayang'ana potiwanika. Anauza dalaivala kuti azimitse injini.

"Mawu awo alembedwe tsopano lino, akatswiri asananyamuke," anatero. Anayang'ana pabwalo. Apolisi onse amene analipo anali amuna, ndipo aliyense anapeza chochita ndi nsapato zake. "Pafunika wapolisi wamkazi. Constable Chikhulupiriro ali kuchipatala ndi mwana. Tidikire mawa, kapena..."

"Tikadikira mawa Wili agonanso muno," anatero Yosefina. "Ndilemba ndine, bwana. Inu mukhalepo ngati mboni."

Analowa m'kachipinda kofunsira anthu, momwe Yosefina anakhazikamo akuba ng'ombe ndi opha anzawo kwa zaka khumi ndi zisanu. Anawakokera amayi ake mpando wa mbali inayo ya tebulo. Iwo anakhala mowongoka, kolona ili m'manja, juzi pamiyendo. Kunja Wilbroad ankamveka akulira.

Yosefina anatsegula buku. Anatenga cholembera.

"Dzina lanu?"

A Perepetuwa anamuyang'ana modabwa. "Iwe Yosefina, dzina langa ukulifunsa ine?"

"Ndi mmene timayambira, amama." Dontho linagwera papepala, iye analipukuta ndi chikhatho. "Dzina lanu lonse."